Mbereko yamalamba: achemwali anditumizire kapena chitenje chikukwana?

Funso: Ndili ndi ana awiri. Wamng'ono ndi wamkazi, ali ndi milungu 7, anabadwa kudzera pa opaleshoni, ndipo kusikelo sabata yatha analemera makilogalamu 4.4. Mkulu wake ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi itatu, amalemera makilogalamu 12, ndipo tikangoyenda pang'ono amayamba za "ndiberekeni". Achemwali anga amene ali ku Leeds akufuna kunditumizira mbereko yamakono ija ya malamba ndi zotsekera za pulasitiki. Bambo a kunyumba akuifuna kwambiri, akuti iwo chitenje sangamange. Apongozi akuti n'zachizungu, zimatang'adza mwana ndipo adzakhala wa matewe. Kodi ubwino ndi kuipa kwake n'kotani? Nanga imodzi ingakwanire ana onse awiri? — Mayi wa ku Lilongwe

Yankho: Mayi, achemwali anuwo auzeni atumize. Koma chitenje musachipinde n'kuika m'sutikesi, ndipo kamtsikanako musathamangire kukalowetsa m'menemo tsiku limene katunduyo wafika. Amene apindule msanga ndi mbereko imeneyi ndi mkulu wakeyo pamodzi ndi bambo ake. Khandalo liyambe ladikira.

Ndiyambe ndi apongozi, poti kaya ine ndinene zotani, pakhomopo mawu omveka ndi awo. Akuti n'zachizungu. Kusoka amasokadi kunja, koma nzeruyo anaitenga kuno ku Africa. Namwino wina wa ana wa ku America, dzina lake Ann Moore, anagwirapo ntchito ku Togo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Kumeneko ankaona amayi akupita kumsika ndi kumunda ana ali kumbuyo, tulo tofa nato. Atabwerera kwawo n'kukhala ndi mwana wake, anayesa kumanga nsalu monga anaonera, koma mwana ankangotsetsereka. Ndiye iye ndi mayi ake anasoka kathumba ka malamba n'kukatcha Snugli, ndipo mu 1969 boma la kwawo linavomereza kuti luso limeneli ndi lake. Kampani ya BabyBjörn ya ku Sweden inatulutsa yake mu 1973. Mtundu umene mukunenawu, wa lamba wamkulu wa m'chiuno ndi malamba awiri a m'mapewa, unatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi Ergobaby, imene anaiyambitsa Karin Frost ku Hawaii. Kapangidwe kake kakufanana ndi mbereko yakale ya ku China, ya nsalu ya ngodya zinayi ndi zingwe zinayi, kungoti pamene Atchaina amamanga mfundo, awa anaikapo zotsekera zija zimalira kuti kha!, ngati za pachikwama cha ana asukulu. Malamba onsewa anabwera chifukwa anthu ena chitenje chinawakanika. Apongozi mukawauza choncho aseka, ndipo nkhani ifewa.

Pa za matewe apongozi aphonya, ndipo umboni uli kumsana kwawo komwe. Ana onse amene anawalera, kuphatikizapo bambo a kunyumba kwanuwo, anakula miyendo itakumbatira chiuno cha mayi wawo. Makanda ambiri amabadwa timiyendo titapindika pang'ono chifukwa cha mmene anakhalira m'mimba, ndipo timawongoka tokha mwana akamayandikira zaka ziwiri. Matewe amene sakutha, amene akunkira patsogolo, kapena amene agwira mwendo umodzi wokha, amabwera ndi matenda a mafupa, monga kufewa kwa mafupa chifukwa chopereŵera kashiamu kapena vitamini D, ndipo amenewo ndi a kuchipatala. Mbereko ilibe mlandu.

Kutang'adza kumene akukuopako ndi kumene ife timakufuna. Fupa la ntchafu lili ndi mutu wobulungira umene umakhala m'kambale ka fupa la m'chiuno. Mwa khanda kambale kameneka n'kosaya komanso kofewa, ndipo kamazama bwino ngati mutu wa fupawo ukukhala pakati penipeni. Umakhala pakati mwana akatang'adza, mawondo ali m'mwamba ngati chule. Miyendo ikawongoledwa n'kupanikizidwa pamodzi, mutuwo umakankhidwira m'mphepete, ndipo mwa ana ena chiuno chimaguluka. Ku Japan kale ankakulunga makanda miyendo itawongoka, ndipo vutoli linali lochuluka. Madokotala atayamba kuletsa mchitidwewu m'zaka za m'ma 1970, linatsika kwambiri. Kuno kwathu, mu 2015 madokotala a mafupa anasindikiza zimene anapeza atafufuza mabuku a ana opitirira 40,000 amene anathandizidwa pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre m'zaka 10: panalibe khanda ndi limodzi lomwe limene linafunika opaleshoni chifukwa cha vuto limeneli, ndipo iwo anaona kuti kubereka ana kumbuyo kuyenera kuti kukuthandiza kwambiri. Ngakhale mwana akapezeka nalo vutoli adakali wamng'ono, madokotala amamuveka timalamba totchedwa Pavlik, ndipo ntchito yake ndi yomweyo, kumukhazika ngati chule.

Apa ndiye pamene mbereko zamalamba zimasiyanirana, ndipo achemwali anu amvetse bwino asanalipire. Zina pansi pake m'popapatiza ngati kabudula wamkati: mwana amapachikika ndi pakati pa miyendo, miyendo ili lende. Zina pansi pake m'potakata ngati mpando: nsalu imagwira ntchafu yonse kuchokera kuseri kwa bondo lina kukafika kuseri kwa bondo linalo, matako n'kutsikira pansi kuposa mawondo, moti mukayang'ana mwanayo miyendo ndi matako zimalemba chilembo M. Sindinganene kuti yopapatizayo imagulula chiuno cha mwana wabwinobwino, koma sichithandizanso, ndipo m'miyezi 6 yoyambirira, makamaka kwa mwana wamkazi, woyamba kubadwa, wobadwa motsogoza matako, kapena wa kumtundu kumene vutoli linaonekapo, palibe chifukwa choikira moyo pachiswe. Kuonjezera apo yopapatizayo kawirikawiri ilibe lamba wa m'chiuno, ndiye mwana akafika makilogalamu 7 kapena 8 mapewa amayamba kuyaka moto. Imeneyo asagule, ngakhale itsike mtengo chotani.

Tsono ubwino weniweni wa mbereko yabwino uli pa lamba wa m'chiunoyo. Chitenje chimagwira ndi kuthina kwa pachifuwa, ndipo mwana akalemera mayi amayenda chowerama pang'ono kuti asatsetsereke, kwinaku akuima kaŵirikaŵiri kumudzutsa ndi kukunganso mfundo. Kwa mwana wa makilogalamu 6 zimenezi si nkhani. Kwa wa makilogalamu 12, ulendo wochokera kudepoti kukafika kunyumba umamveka m'chiuno mpaka mawa lake. Lamba wotakata uja amatsitsira kulemera kwa mwana pa mafupa a m'chiuno, kumene thupi limasenza katundu mosavuta, ndipo mapewa amangothandizira kuti mwana asapendekeke. Mabere sapanikizika, chimene mayi woyamwitsa amachiyamikira. Ndipo mukamanga mwamanga; mwana wa zaka ziwiri akamadzikhotetsa kufuna kuona galu wadutsa, palibe chimene chimamasuka.

Ubwino wachiwiri ndi bambowo, ndipo umenewu musaupeputse. Kuuza bambo wa kuno kwathu kuti amange chitenje pachifuwa n'kudutsa pamsika anzake akuona, mwamupempha zambiri, ngakhale alipo ochepa amene amatero. Koma chinthu cha malamba chooneka ngati chikwama amachivala monyadira, mwina mpaka kujambulitsa. Pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchito kusikelo, abambo amene ndawaona atanyamula okha mwana pamzere, ambiri anali ndi mbereko yotereyi. Kwa inu amene mwachitidwa opaleshoni ndipo muli ndi ana awiri ofuna msana umodzi, chimenechi chokha chikukwana kulipira mtengo wake. Palinso kafukufuku wodziwika wa ku Montreal wa mu 1986 amene anapeza kuti makanda onyamulidwa nthawi yochulukirapo tsiku lililonse ankalira mocheperapo ndi 43 peresenti pa msinkhu wa milungu 6. Otsatsa malonda amakonda kumutchula, koma phindu limenelo ndi la kunyamulidwa, kaya ndi m'manja, m'chitenje kapena m'malamba.

Tsopano tibwere kwa kamtsikanako, kumene ndikufuna mutchere khutu kwambiri.

Chitenje chilibe saizi. Chimatsata thupi la mwana, kaya ndi wa makilogalamu 3 kaya 13, chifukwa manja anu ndi amene amachikunga mpaka chigwire paliponse. Mbereko yamalamba anaisoka kale pa msinkhu winawake, ili ndi siponji ndi misoko yolimba, ndipo mwana ndiye ayenera kukwanamo. Khanda la milungu 7 nthawi zambiri silikwanamo. Limamira, n'kukhala lopindika ngati nyemba, mutu n'kugwera kutsogolo. Mutu wa khanda ndi wolemera, khosi lilibe mphamvu, ndipo njira ya mpweya ndi yopapatiza ndiponso yofewa. Chibwano chikatsamira pachifuwa njirayo imapindika ngati paipi ya madzi imene yapondedwa. Kapena mphuno ndi pakamwa zimakanirira pa nsalu kapena pa bere la mayi. Choopsa n'chakuti mwana wobanika chonchi salira, saphiriphitha. Amangokhala chete, inu n'kumati wagona, ndipo mphindi zochepa zimakwana. Mu March 2010 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa linachenjeza za imfa 14 za ana m'zaka 20, ndipo 12 mwa anawo anali osakwana miyezi inayi. Mwezi womwewo mbereko pafupifupi 1 miliyoni za kampani ya Infantino, kuphatikizapo za mtundu wa SlingRider, zinachotsedwa pamsika. Kunena chilungamo, zimenezo zinali mbereko zangati thumba lopachika paphewa limodzi, osati zamtundu umene mukufunsawu, koma khanda likamira m'mbereko yamalamba yolikulira limabanika mwanjira yomweyo.

Ndinaziona ndi maso tsiku lina m'mawa pamzere wa sikelo. Bambo wachinyamata, malaya ositidwa bwino, anali atanyamula mwana wa mwezi umodzi kutsogolo. Lamba wa m'chiuno anamumanga pamene amamangira lamba wa thalauza, malamba a m'mapewa ali khwefu, moti mwana anali pamimba, ndipo chooneka chinali kansonga ka chipewa basi. Nditasuzumira ndinapeza kachibwano kali pachifuwa, nkhope yakwiririka m'malaya a bambo ake, akupuma ndi kaphokoso kakang'ono ngati mphaka. Tinamutulutsa, tinakweza lambayo mpaka pansi pa nthiti, tinamubwezamo n'kukunga malamba mpaka mutu unafika pansi pa chibwano cha bambowo, ndipo kaphokoso kaja kanatha pomwepo. Bamboyo sanali wosasamala. Anangoona kuti zotsekera zonse zalira kuti kha!, n'kuganiza kuti ntchito yatha. Kuipa kwakukulu kwa mbereko zimenezi n'kumeneku: zimapatsa munthu chikhulupiriro chimene chitenje sichipatsa. Womanga chitenje amakhala akufufuza mwana ndi dzanja nthawi zonse chifukwa amadziwa kuti mfundo imamasuka.

Ku Britain kumene kuli achemwali anu amaphunzitsa malamulo asanu amene amawatcha TICKS, ndipo ndi abwino kuwaloweza pamtima. Mbereko ithine mokwanira kuti mukawerama pang'ono mwana asachoke pathupi panu. Nkhope yake izioneka mukangoyang'ana pansi, osachita kufukula nsalu. Akhale m'mwamba moti mukaweramitsa mutu mukhoza kumupsompsona pamutu. Pakati pa chibwano ndi chifuwa chake pazilowa chala chanu. Ndipo msana wake ugwiridwe bwino: mukaukankha pang'ono ndi dzanja iye n'kusendera kwa inu kapena kuwongoka, ndiye kuti malamba akhwepa. Mwana akakhala ndi chimfine kapena chifuwa, onjezerani tcheru. Kwa owerenga ena amene ana awo anabadwa masiku asanakwane kapena osafika makilogalamu 2.5, mbereko yamalamba si yanu panopa. Yanu ndi njira ya kangaroo, khungu kukhudza khungu ndi nsalu yomanga monga anakuphunzitsirani kuchipatala, imene inayambira ku Bogotá mu 1978 ndipo kuno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999.

Pakatoni mudzaona manambala. Ergobaby Omni ndi Tula Free-to-Grow amalemba kuti zimayambira makilogalamu 3.2 mpaka 20, chifukwa mpando wake umachepetsedwa ndi kukulitsidwa ndi zomata kapena mabatani. Ergobaby yakale ija imayambira makilogalamu 5.5 pokhapokha mutaikamo kakhushoni ka khanda, kamene kuno kwathu kamatentha koopsa. Tula wamba imayambira makilogalamu 7, ndipo Tula ya ana oyenda kale imayambira 11 mpaka 27. Ndiye pepala likuti mwana wanu wa 4.4 akhoza kulowa mu zina mwa zimenezi lero lomwe. Ine sindidalira sikelo yokha. Chimene ndimayang'ana ndi chakuti nsalu ya kumsana ifike pakhosi kumbuyo, osakwirira mutu, mpando usapitirire mawondo mpaka timiyendo kuchita kuwongoka m'mbali, ndipo m'mbali musatsale mpata woti mwana n'kupendekekera. Ana ambiri zimenezi zimawakwanira bwino akafika miyezi itatu kapena inayi, khosi litayamba kulimba. Kufikira nthawiyo kamtsikanako kali bwino m'chitenje, ndipo mphunzitsi wake muli naye kale pakhomopo.

Koma chitenje nachonso ndisachikometsere mopitirira. Pali chizolowezi chathu chofunditsa mwana wa kumbuyo shawelo kapena bulangeti mpaka kumutu, n'kumati tikumuteteza ku mphepo ndi fumbi. Khanda la kumbuyo simukuliona, ndiye mutu wake ucheukire kumbali, mphuno ikhale pamtunda, m'mphepete mwa nsalu mugwire khosi kumbuyo, ndipo pakapita kanthawi muzimusuzumira kapena kufunsa amene muli naye.

Mwafunsa ngati imodzi ingakwanire onse awiri. Yosinthika ija ikhoza, koma muziisintha nthawi iliyonse mukasintha mwana, ndipo ngati mukubwerekana ndi bambo ake, malamba onse ayambirenso kukungidwa chifukwa matupi anu ndi osiyana. Anthu amatopa nazo n'kumangovala mmene aipezera, ndipo ngozi zimayambira pamenepo. Mnyamata kapena mtsikana wanu wamkuluyo, poti simunanene, akamayandikira zaka zitatu mpando sudzafikanso m'mawondo. Kwa mwana woyenda kale zimenezo sizivulaza chiuno, kungoti amatopa msanga miyendo. Mmene ndikuonera, imodzi yosinthika ikukwana: chaka chino ikhale ya wamkulu ndi bambo ake, ndipo pamene iye azidzaisiya mng'ono wake adzakhala atafika msinkhu woimva kukoma.

Za opaleshoni yanu: lamba wa m'chiuno amagwera pamene pali chipsera. Pa milungu 7 khungu lapola, koma m'kati mukadali ntchito. Mwana wa makilogalamu 12 musamubereke panopa, kaya ndi chitenje kaya ndi malamba, mpaka a kuchipatala atakuonani n'kukuuzani kuti zili bwino. Mukadzayamba kuvala mberekoyo ndi wamng'onoyo, lamba mumumange pamwamba pa mchombo. Chipsera chimapumula ndipo mwana amakwera kufika pamene ayenera kukhala. Mukamva kukoka kapena kubaya pachilonda, vulani.

Zovuta zina ndi za tsiku ndi tsiku, zimene opanga a kumaiko ozizira saziganizira. Choyamba ndi kutentha. Siponji ndi nsalu zokhuthala mu October, ngakhale ku Lilongwe komweko, osanena za ku Nsanje kapena ku Salima, zimanyowetsa onse awiri thukuta, mwana n'kutuluka totupa m'khosi ndi m'mphechepeche. Achemwali asankhe ya nsalu yaneti yolowa mphepo, kapena ya thonje yopyapyala, ndipo yosakhala yakuda. Mwana muzimuveka zopepuka poti mberekoyo ndi chovala kale, ndipo muzimugwira kumbuyo kwa khosi kuti mumve ngati watenthedwa. Kuchapa nakonso: chitenje mwana akachibzikulira mumachapa n'kuyanika, pofika masana chauma, ndipo muli nazo zina zisanu. Mbereko yamalamba ndi imodzi, siponji yake imatenga tsiku lonse, nthawi ya dzinja imachita nkhungu, ndipo mukamaiyanika padzuwa lamphamvu masiku onse malamba ndi pulasitiki zimafumbwa. Muziiyanika pamthunzi. Ndiponso chitenje ndi mphasa, ndi chofunda, ndi mthunzi, ndi thaulo. Iyi mwana akatsika imasanduka katundu wina woti munyamule.

Pa kuyamwitsa chitenje chimapambana kutali. M'minibasi mumangomuzunguliza mwana kubwera kutsogolo, nkhani yatha. Ndi malamba muyenera kukhwefula, kumutsitsa kufika pabere, ndipo apa m'pamene pachitikira ngozi zambiri za makanda. Mukamayamwitsa m'mbereko, dzanja limodzi ligwire mwana, maso akhale pa iye, ndipo akangomaliza mumukweze n'kukunganso malamba. Musamusiye agone ali pabere inu mukugwira ntchito zina. Kwa khanda ngati lanulo, ine ndimati mutulutseni, muyamwitse mutakhala pansi.

Bambo ake adzafuna kumuyang'anitsa mwana kutsogolo monga amaonera pa Facebook. Zimenezo zidikire mpaka khosi litalimbiratu, cha m'ma miyezi 5 kapena 6, zikhale za kanthawi kochepa, ndipo akayamba kuwodzera atembenuzidwe, chifukwa mwana wogona atayang'ana kunja mutu umagwera kutsogolo popanda chowutchinga. Kwa wonyamula nayenso ndi kakhalidwe kotopetsa msana kuposa ena onse. Kubereka kumbuyo ndi malamba opanga amati kuyambe mwana akamakhala yekha, cha m'ma miyezi 6. Mudzadabwa poti ndi chitenje timayamba kale kwambiri, koma chifukwa chake ndi chija ndanena: chitenje chimagwira khosi ndi msana wonse, pamene nsalu ya malambayi imasiya mipata. Kalamba kakang'ono kolumikiza malamba a m'mapewa musakaiwale. Popanda iko malamba amavuka m'mapewa. Mwana akakhala kutsogolo kamakhala kumsana kwanu pakati pa mapewa, osati pakhosi, ndipo masiku oyamba mudzafuna wina woti akutsekereni.

Pamoto musayandikire mwana ali kutsogolo. Poto wa nsima amalavula, mbaula imathetheka, ndipo mapazi anu simukuwaona. Ngakhale ali kumbuyo, wa zaka ziwiri manja ake amafika patali kuposa mmene mukuganizira. Mukafuna kutola chinthu pansi pindani mawondo, dzanja limodzi lili pa mwana. Ana ambiri ovulalira m'mbereko amavulala chifukwa wowanyamula wapunthwa, kapena agwa pa nthawi yowaika ndi kuwatsitsa. Ndipo mbereko iliyonse si mpando wa mwana wa m'galimoto. Galimoto ikaima mwadzidzidzi thupi lanu ndi limene limamuphwanya. Za kabaza wa njinga yamoto ndikudziwa kuti nthawi zina palibe kuchitira mwina, koma malamba asakunamizeni kuti mwatetezeka.

Kwatsala nkhani ya kumene mberekoyo yachokera. Zenizeni n'zodula, zambiri zimapitirira mapaundi 100, ndipo chifukwa cha chimenecho zachinyengo zadzaza pa intaneti ndi m'misika, dzina ndi katoni zofanana ndendende. Chikomekome cha mkuyu. Ine ndinapusitsidwapo. Mwana wanga wachiwiri ali ndi miyezi 10 ndinagula ina pa kaunjika, yooneka ngati yatsopano, dzina lotchuka. Patatha miyezi iwiri, ndikukwera kamtunda kochokera kumsika, ndinamva kuti tswa m'chiuno. Dzino limodzi la chotsekera chachikulu linali litathyoka. Chimene chinagwira lambayo ndi kalasitiki kaja kamakhala pafupi ndi chotsekera, kamene ndinali nditapisamo mwa chizolowezi chabe osadziwa n'komwe ntchito yake. Mwana anangotsika pang'ono n'kuseka, koma ine miyendo inachita kunjenjemera mpaka kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wobwera ndi mbereko kusikelo ndimamuonetsa kalasitiki kameneko.

Sikuti za pa kaunjika zonse n'zoipa. Zina ndi zenizeni zimene eni ake anangozisiya mwana atakula. Koma muitenge kupita nayo poyera. Zotsekera muziyang'ane padzuwa: timizere toyera kapena ting'alu pa mano ake ndiye kuti pulasitiki yatopa. Tsekani, kokani mwamphamvu ndi manja awiri, muone ngati lamba sakupulumuka. Pamene malamba alumikizana ndi nsalu, ulusi usakhale wothothoka. M'kati muzikhala kansalu kolembapo kulemera kovomerezeka ndi muyezo umene inayesedwera, EN 13209-2 ya ku Ulaya kapena ASTM F2236 ya ku America, ngakhale akuba nawonso amadziwa kusindikiza timapepala. Chotsekera chikathyoka musalowetsepo cha chikwama cha kumsika, sichinapangidwire kusenza munthu. N'chifukwa chake ndimakayikiranso zosoketsa kwa telala zokhala ndi zotsekera. Ngati mukufuna yosoketsa konkuno, ndi bwino ikhale ya zingwe zazitali zomanga mfundo ngati ya ku China ija, ya nsalu yolimba yophatikiza, zingwe zitalowa m'kati ndithu ndi kusokedwa mobwerezabwereza.

Kwa achemwali anu lembani motere: ikhale ya lamba wotakata wa m'chiuno, mpando wosinthika wofika m'mawondo, yololeza kunyamula kutsogolo ndi kumbuyo, yofika makilogalamu 20, ya nsalu yolowa mphepo, yogulidwa m'sitolo yodziwika kapena kwa opanga enieniwo, ndipo kabuku ka malangizo kabwere nawo. Ku Britain kuli malo obwereketsa mbereko amene amawatcha sling library, kumene munthu amatha kuziona ndi kuziyesa asanagule. Apiteko ndi msinkhu wanu ndi wa alamu awo m'mutu, chifukwa malamba ena amakulira anthu a mapewa ang'ono. Ikafika, bambo ayambe kuyeserera ndi thumba la ufa la makilogalamu 5 ataima pafupi ndi bedi, mpaka manja azolowere kumene kuli chotsekera chilichonse. Kenako wamkuluyo, inu mutaima kumbuyo kwawo manja ali chire. Tsiku la sikelo ya kamtsikanako mubwere nayo mberekoyo pamodzi ndi bambo ake, anamwino akamuyeze m'menemo muli pomwepo.